Kuyendera Mabwinja a Roma ndi Wolondolera Alendo: Tsiku Limodzi pa Colosseum, Forum ndi Palatine

Pakatikati pa mzinda wa Roma, ku Italy, pali malo atatu ogundizana amene mlendo amalowamo ndi tikiti imodzi. Pali bwalo lalikulu la masewero lotchedwa Colosseum, pali chigwa cha Forum chomwe chinali pachimake pa malonda, milandu, chipembedzo ndi ndale, ndiye pali phiri la Palatine pomwe mafumu a Aroma ankakhala. Alendo ambiri amathera mphamvu zawo zonse mu Colosseum chifukwa ndi imene anaizolowera pa zithunzi, ndipo akamatsikira mu Forum amakhala miyendo italema kale, dzuwa lili paliwombo, n'kumangoona miyala yogumuka yosadziwika mutu wake. Colosseum imadzifotokoza yokha kwa aliyense wokhala ndi maso, koma Forum siyankhula kwa munthu amene alibe womumasulira, ndipo kumeneko n'kumene ndalama yolipira wolondolera alendo imagwira ntchito yake. Tsiku lonse liyenera kukonzedwa poganizira zimenezi.

Mapepala ndi nyengo

Munthu woyenda ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yomwe ndi viza imodzi ya gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, kuti alowe mu Italy. Amene akukhala ku Britain ndi pasipoti ya kwathu asaganize kuti chilolezo chokhalira kumeneko n'chokwanira, pakuti Britain siili m'gulu la mayiko a Schengen. Pempho la viza limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndipo pamafunika inshuwalansi yachipatala yosachepera ma euro 30,000. Ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kawirikawiri amasinthira ndege ku Addis Ababa n'kukatera pa bwalo la Fiumicino, pomwe sitima ya Leonardo Express imatenga mphindi 32 kukafika pa Termini, siteshoni yaikulu ya mumzindawu. Tsiku lofikalo musaliike kukhala la mabwinja, chifukwa munthu amene wachezera m'ndege usiku wonse sangayende maola anayi pamiyala n'kumvetsera bwino.

Miyezi ya June, July ndi August, pamene kwathu tikufunda mabulangete, ku Roma kumakhala ng'amba, ndipo masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 35. Ife timakonda kunena kuti dzuwa tinalizolowera, koma kwathu munthu akatenthedwa amathawira pansi pa mtengo wa mango, pamene mu Forum mitengo ndi yowerengeka ndipo miyala imabweza kutentha kumaso. Miyezi yabwino ndi April, May, kumapeto kwa September ndi October. Amene akupita pa nyengo ya Pasaka akumbukire kuti Lachisanu Loyera madzulo pa Colosseum pamachitika mwambo wa Njira ya Mtanda, choncho malowa amatsekedwa msanga.

Kusankha wolondolera

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa kusankha kumeneku n'kumene kumakonza kapena kuwononga tsiku lonse. Ku Italy ntchito yolondolera alendo imafuna chiphaso cha boma, ndipo wolondolera wovomerezeka amavala baji yooneka pachifuwa. Anthu oima pafupi ndi siteshoni ya Colosseo n'kumakuitanirani kuti akulowetsani popanda kuima pamzere nthawi zambiri sakhala olondolera, koma ogulitsa chabe amene amasonkhanitsa anthu mpaka gulu litakwana, pamtengo wokwera. Konzani zonse pa intaneti musanafike, kaya kudzera pa tsamba la bungwe loyang'anira malowa, Parco archeologico del Colosseo, kaya kudzera ku kampani yoyendetsa alendo yodziwika.

Musanalipire, werengani bwino kuti mudziwe zinthu zingapo. Chinthu chachikulu ndi nthawi imene ulendowo wapatula kuti mukhale mu Forum. Maulendo ambiri otsatsidwa kuti ndi a malo onse atatu amatha ola limodzi ndi theka mu Colosseum, kenako wolondolera amakufikitsani pachipata cha Forum, n'kuloza uku ndi uko kwa mphindi zochepa, n'kutsanzika. Ulendo woyenera ndalama zanu ndi wa maola atatu kapena kuposerapo, womwe theka lake kapena kupitirira likuthera mu Forum ndi pa Palatine. Onaninso kukula kwa gulu. Gulu la anthu 25 kapena 30 limayenda pang'onopang'ono ndipo funso lanu silipeza mpata, pamene la anthu osapitirira 12 limalola kukambirana. Fufuzani ngati tikiti yolowera ili kale mu mtengo umene mwauzidwa, ngati ulendowo uli m'Chingerezi chokha kapena wolondolera azibwereza zonse m'zinenero ziwiri (zomwe zimadya theka la nthawi), ndiponso ngati adzakupatsani timawailesi ta m'khutu tomvera mawu ake pakati pa phokoso. Maulendo otchedwa aulere, omwe mumangopereka kangachepe pomaliza, kawirikawiri amazungulira kunja kwa mpanda osalowa.

Za ola loyambira, pali njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi kulowa mu Colosseum akangotsegula, cha m'ma 8:30 m'mawa, kuti pofika 10 koloko mukhale muli kale mu Forum. Yachiwiri, yomwe ine ndimaikonda m'miyezi yotentha, ndi kuyambira mu Forum m'mawa kukadali kozizira ndipo mutu udakali watsopano, n'kumalizira mu Colosseum, momwe makonde ake ali ndi mthunzi. Ulendo umene ukuyamba 11 koloko kapena masana m'mwezi wa July musautenge, ngakhale utatsika mtengo.

Tikiti

Tikiti wamba imakulolani kulowa kamodzi mu Colosseum pa ola lolembedwa, ndi kamodzinso m'dera la Forum ndi Palatine, lomwe lili mu mpanda umodzi, m'kati mwa maola 24. Mawu oti kamodzi muwasunge, chifukwa mukatuluka kuti mukadye simuloledwanso kubwerera. Mu 2024 tikiti imeneyi inkagulidwa ma euro 18, ndipo ana osakwana zaka 18 amalowa ulere ngakhale kuti nawonso amafunika kuwasungitsira malo. Kuyambira mu October 2023 matikiti amalembedwa dzina la mwini wake, choncho dzina limene mwapereka pogula lifanane ndendende ndi la mu pasipoti, ndipo pasipotiyo muinyamule. Ife amene tili ndi mayina angapo, lina la ubatizo, lina la kumudzi, lina la kuntchito, tisamale kwambiri pamenepa.

Kutsikira kunsi kwa bwalo, kumene kunkasungidwa zilombo, kumafuna tikiti yapadera yomwe imatha msanga ikangoikidwa pamsika. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse anthu amalowa ulere, koma khamu lake ndi loti wolondolera sangagwire ntchito bwino, choncho tsikulo si la ulendo wotere.

Zovala ndi zonyamula

Nsapato ndizo zofunika kuposa zonse. Msewu wakale wa mu Forum unayalidwa ndi miyala ikuluikulu yakuda yosalala, yokhala ndi mipata pakati, ndipo misewu ya kunja ili ndi timiyala tamakona anayi totchedwa sampietrini. Valani nsapato zotseka, zokhuthala pansi, zomwe munaziyendera kale. Nsapato zatsopano, zagogoda kapena masilipasi zidzakuchititsani matuza ola loyamba lisanathe. Chipewa kapena ambulera yaing'ono, ndi chitenje chopepuka chofunda pamapewa, zimathandiza padzuwa komanso polowa m'matchalitchi apafupi, momwe safuna mapewa ndi mawondo oonekera.

Madzi musagule a m'mabotolo kwa oyenda nawo m'misewu. Mzinda wa Roma uli ndi mipopi yaulere yachitsulo yotchedwa nasoni, yomwe imatulutsa madzi ozizira abwino kumwa usana ndi usiku, ndipo ina ili m'kati mwenimweni mwa Forum ndi pa Palatine. Mukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amatumphukira m'mwamba kudzera pa kabowo kapamwamba n'kumwa popanda kapu. Nyamulani botolo lapulasitiki, chifukwa lagalasi sililoledwa, monganso zikwama zikuluzikulu, mipeni ndi zitini zopopera. Pachipata aliyense amadutsa pa makina ofufuzira ngati a pabwalo la ndege, ndipo mzere umenewu palibe tikiti imene imaudumpha, kaya wotsatsa analonjeza zotani.

Kufika pamalo okumanirana

Kuchokera ku Termini, kwerani sitima ya pansi pa nthaka ya mzere B yolowera ku Laurentina, ndipo mutsike pa siteshoni yachiwiri, Colosseo. M'sitimamo ndi pamakwerero chikwama chikhale kutsogolo, chifukwa opisa m'matumba amadziwa kuti otsikira pamenepa ndi alendo. Fikani kutatsala mphindi 20 kapena 30, pakuti gulu silingadikire wochedwa pamene ola la tikiti lakwana, ndipo ndalama sabweza. Zikwangwani zalembedwa m'Chitaliyana: Colosseo, Foro Romano, Palatino. Amuna ovala ngati asilikali achiroma akakukodolani kuti mujambulitse nawo, dziwani kuti adzafuna malipiro chithunzi chitajambulidwa kale. Pitani kuchimbudzi ulendo usanayambe, ndipo mukalandira kawailesi ka m'khutu kayeseni pomwepo. Ngati muli ndi vuto la mawondo, mtima kapena shuga, muuzeni wolondolera pachiyambi. Mu Colosseum muli chikepe chokwezera amene sangathe masitepe.

M'kati mwa Colosseum

Mfumu Vespasian inayamba kumanga bwaloli cha m'ma 72 AD pamalo pomwe panali dziwe la m'munda wa nyumba yachifumu ya Nero, ndipo mwana wake Titus analitsegulira mu 80 AD ndi masewero a masiku 100. Dzina lake lenileni linali la banja lawo la Flavius. Loti Colosseum linadza pambuyo pake, mwina chifukwa cha chifanizo chachikulu cha Nero chomwe chinaima pafupi. Kutalika kwake m'mwamba ndi mamita pafupifupi 48, ndipo munkalowa anthu pafupifupi 50,000 kudzera pa makomo 80. Musanalowe, yang'anani pamwamba pa makomo a mbali ya kumpoto, mudzaona manambala achiroma osemedwa pamwala, omwe ankauza munthu khomo lolowera monga zimakhalira pa masitediyamu a lero.

Wolondolera wabwino adzakuonetsani mabowo ambirimbiri a m'makoma, omwe si a zipolopolo monga ena amaganizira, koma ndi momwe anthu a zaka za pambuyo pake anazulamo zitsulo zolumikiza miyala. Adzakuuzaninso kuti khoma lakunja la mbali ya kumwera linagwa ndi chivomezi cha mu 1349, ndipo miyala yake inatutidwa kukamangira nyumba ndi matchalitchi. Mukaima pa nsanjika yachiwiri mudzaona bwino ngalande ndi tizipinda ta pansi pa bwalo, zomwe mfumu Domitian, mng'ono wake wa Titus, anawonjezera, momwe ankakwezeramo mikango, akambuku ndi zilombo zina, zambiri zochokera kumpoto kwa Africa. M'mawa kunkakhala kusaka zilombo, masana kupha olakwa, ndipo madzulo nkhondo ya amuna omenyana ndi malupanga. Anthu ankakhala motsata ulemu wawo: aphungu pafupi ndi bwalo, amayi ndi osauka pamwamba penipeni.

Ambiri a ife timafika pano titamva kutchalitchi kuti Akhristu ankaponyeredwa ku mikango m'bwalo lino. Funsani wolondolera za nkhaniyi, ndipo yankho lake lidzakusonyezani ngati ali wonena zoona kapena wongofuna kusangalatsa. Chizunzo cha Nero cha mu 64 AD chinachitika Colosseum isanamangidwe, ndipo malo ake odziwika ndi bwalo la mpikisano wa akavalo lomwe linali kumene lero kuli Vatican. Kuti Akhristu ena anaphedwa muno n'zotheka, koma umboni wolembedwa wa nthawi imeneyo wotchula bwaloli ndi wosowa. Papa Benedict XIV ndiye analipatula m'zaka za m'ma 1700 kukhala chikumbutso cha ofera chikhulupiriro, ndipo zimenezi zinathandiza kuti anthu aleke kuligumula.

Mphindi 60 kapena 75 n'zokwanira muno. Pakhoma musalembepo kapena kukanda dzina, ndipo musatole ngakhale kamwala, chifukwa lamulo la Italy limalipiritsa chindapusa chachikulu ndipo lingathe kum'tsekera munthu m'ndende.

Zipata ziwiri zachikumbutso

Potuluka mudzadutsa pa chipata cha mfumu Constantine cha mu 315 AD, chokumbukira kugonjetsa kwake Maxentius, yemwe ankalimbirana naye ufumu, pa mlatho wa Milvian mu 312. Zosema zake zambiri zinachotsedwa pa zipilala za mafumu akale, Trajan, Hadrian ndi Marcus Aurelius, n'kusemanso nkhope kuti zifanane ndi Constantine. Apa mphindi zisanu zikwanira.

Kenako msewu wa Via Sacra umakwera kukafika pa chipata cha Titus, ndipo pamenepa imani ndithu. Chinamangidwa cha m'ma 81 AD pokumbukira kuwonongedwa kwa Yerusalemu mu 70 AD. M'kati mwake, mbali imodzi, muli chithunzi chosema cha asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri, malipenga ndi tebulo, zomwe anafunkha m'Kachisi. Munthu amene anakula akumva mawu oti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake akuona apa nkhani yomweyo monga anaifotokozera ogonjetsawo. Pemphani wolondolera akusonyezeni kusiyana kwa miyala: pakati ndi mwala wakale wa mabo (marble), pamene m'mbali ndi mwala wina wotuwira womwe okonza a m'zaka za m'ma 1820 anausankha dala kuti chatsopano chisasokonezeke ndi chakale. Phunziro limeneli mudzaligwiritsa ntchito m'chigwa chonse, chifukwa funso lothandiza kwambiri kwa wolondolera ndi lakuti, kodi apa chakale ndi chiti, ndipo choimikidwanso ndi chiti?

Mu Forum

Chimene chimasokoneza mu Forum n'chakuti nyumba zomangidwa pa nthawi zosiyanasiyana, m'kati mwa zaka zoposa 1,000, zaima pamodzi ngati kuti zinamangidwa tsiku limodzi. Njira yosasochera ndi kusankha chaka chimodzi chokhala ngati chikhomo, n'kumayeza china chilichonse ndi chaka chimenecho. Kwa owerenga Baibulo chikhomo chosavuta ndi cha m'ma 60 AD, pamene Paulo anafika ku Roma atapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara, yemwe panthawiyo anali Nero. Pa nyumba iliyonse funsani kuti, kodi Paulo akanaiona imeneyi? Colosseum ndi chipata cha Titus sakanaziona. Kachisi wa Julius Caesar, kachisi wa Saturn ndi holo ya milandu ya Julia akanaziona, ngakhale kuti zina zinakonzedwanso pambuyo pa moto.

Mukatsika pa chipata cha Titus, kudzanja lamanja kuli madenga atatu akuluakulu okhota a Basilica ya Maxentius, yomwe Constantine anaimaliza. Dzinali lisakupusitseni: kwa Aroma basilika sinali tchalitchi, koma holo yoweruziramo milandu ndi kukambiramo zamalonda, ndipo Akhristu anangotengera kamangidwe kake pambuyo pake. Patsogolo pang'ono pali nyumba yozungulira yokhala ndi zitseko zamkuwa zobiriwira, zomwe ndi zenizeni za m'zaka za m'ma 300.

Malo amene amatsegula maso kwambiri ndi kachisi wa Antoninus ndi Faustina wa mu 141 AD. M'kati mwa zipilala zake munamangidwa tchalitchi cha San Lorenzo in Miranda, ndipo chitseko chake chili m'mwamba kwambiri moti munthu sangachifikire kuchokera pamene mwaima. Omanga sanalakwitse. Pamene chitsekocho chinkaikidwa, nthaka inali itakwera kufika pamenepo chifukwa cha matope a madzi osefukira, zinyalala ndi zogumuka za zaka mazanamazana, mpaka Forum inasanduka busa lomwe anthu ankalitcha Campo Vaccino, kutanthauza dambo la ng'ombe. Njira imene mukuyendayo inachita kufukulidwa, makamaka m'zaka za m'ma 1800. Mukamvetsa zimenezi mudzayamba kuona nokha chifukwa chake misewu ya lero ili pamwamba ndipo mabwinja ali m'dzenje, komanso chifukwa chake nyumba zosandutsidwa matchalitchi ndizo zinapulumuka.

Moyang'anana ndi kachisiyu kuli kachisi wa Vesta, mulungu wamkazi wa moto wa pakhomo, kumene anamwali asanu ndi mmodzi ankasunga moto wosazima wa mzinda. Ankasankhidwa ali ana ndipo ankatumikira zaka 30, ndipo wophwanya lumbiro la unamwali ankakwiriridwa wamoyo. Gawo la kachisi limene laimalo linaimikidwanso mu 1930. Lowani m'bwalo la nyumba yawo, momwe muli timaiwe ndi zifanizo, chifukwa ndi malo abata opumirapo pang'ono.

Pafupi pomwepo pali kadenga kosaoneka bwino komwe ambiri amakadutsa. Pansi pake pali mulu wa miyala womwe nthawi zambiri pamakhala maluwa ndi makobidi. Apa m'pamene mtembo wa Julius Caesar unatenthedwa mu 44 Khristu asanabadwe, ndipo Augustus, wolowa m'malo mwake, anapatulira kachisi pamalopo mu 29 Khristu asanabadwe. Wolondolera akakuuzani kuti Caesar anaphedwera mu Forum, mum'kayikire, chifukwa anabayidwa mu holo ya Pompey, kudera lomwe lero kuli Largo di Torre Argentina, mtunda wa mphindi 15 kuchokera pano.

Pa masitepe aatali a Basilica Julia yang'anani pansi. Pamiyala pali mizere, tizozungulira ndi timaenje tomwe anthu odikira milandu anagoba kuti azisewerapo, ndipo munthu wa kwathu sangalephere kukumbukira amuna ochedwa pa bawo pakhonde la sitolo, ngakhale kuti masewerowo sanali amodzi. Pansi pa malo amenewa pamadutsa Cloaca Maxima, ngalande yakale yomwe inaumitsa chigwa chomwe poyamba chinali chithaphwi.

Kumapeto kwa chigwa zinthu zathithikana, ndipo apa mum'tsatire wolondolera pafupi. Nyumba yanjerwa yaitali ndi Curia, momwe aphungu a Senate ankakumana. Imene yaimayo inamangidwanso ndi mfumu Diocletian utazima moto wa mu 283, inasandutsidwa tchalitchi m'zaka za m'ma 600, ndipo zitseko zake zenizeni zamkuwa zinasamutsidwira ku tchalitchi cha St John Lateran. Nsanja ya Rostra, pomwe andale ankalankhulira khamu, inatenga dzina ku milomo yachitsulo ya zombo za adani zomwe anaikhomerapo, ndipo mu 43 Khristu asanabadwe mutu wa Cicero, wandale wotchuka pa kulankhula, unapachikidwa pomwepo. Zipilala zisanu ndi zitatu zazitali ndi za kachisi wa Saturn, momwe munkasungidwa chuma cha boma. Chipilala choima chokha ndi cha mfumu Phocas cha mu 608, chomwe chinali chomaliza kuimikidwa mu Forum.

Chipata chachikulu cha mu 203 AD ndi cha Septimius Severus, mfumu yobadwira ku Leptis Magna, m'dziko la Libya la lero. Pemphani wolondolera akulozereni mzere wachinayi wa mawu olembedwa pamwamba. Poyamba panali dzina la Geta, mwana wake wamng'ono, koma mkulu wake Caracalla atamupha mu 211 analamula kuti dzinalo lifufutidwe paliponse, ndipo mabowo a zilembo zoyambazo sagwirizana ndi mawu amene alipo lero.

Zithunzi jambulani wolondolera akamaliza kulankhula, osati ali m'kati, ndipo pa malo alionse jambulaninso chikwangwani cha dzina lake, kuti pofika kunyumba musasokoneze kachisi wina ndi mnzake.

Pa phiri la Palatine

Kukwera kumatenga mphindi pafupifupi 10, ndipo pamwamba pali mitengo ya paini, mphepo ndi pokhala. Mwambo wa Aroma umati Romulus anakhazikitsa mzinda pano mu 753 Khristu asanabadwe, ndipo ofukula anapezadi maenje a nsichi za nyumba zaudzu za nthawi imeneyo, zomwe kamangidwe kake sikangam'dabwitse munthu wokulira kumudzi. Augustus, yemwe analamula kalembera wotchulidwa pa nkhani ya kubadwa kwa Yesu, ankakhala pano m'nyumba yosadzionetsera, yomwe zipinda zake zopakidwa utoto zimafuna tikiti yapadera. Nyumba ya mfumu Tiberius inatsegulidwanso kwa alendo mu 2023 itatsekedwa zaka zambiri. Mabwinja aakulu anjerwa ndi a nyumba yachifumu ya Domitian, ndipo kuchokera m'mphepete mwake mumaona pansi Circus Maximus, bwalo la mpikisano wa magaleta a akavalo lotalika mamita pafupifupi 600.

Maulendo ambiri amathera pano. Musanabweze kawailesi, funsani wolondolera njira yopita pa khonde la minda ya Farnese, loyang'ana Forum yonse kuchokera pamwamba. Imani pamenepo mphindi khumi, muyese kutchula nokha nyumba iliyonse imene mwadutsa, kuyambira pa chipata cha Titus mpaka pa cha Septimius Severus, ndipo imene mwaiwala muifunse iye akadali pafupi. Kupereka kangachepe kothokoza sikokakamiza ku Italy, koma ma euro asanu kapena khumi kwa wolondolera amene wagwira ntchito bwino amalandiridwa ndi manja awiri. Popeza tikiti yanu idakali ndi mphamvu malinga ngati simunatuluke, mukhoza kutsala m'kati n'kubwerera nokha pamalo amene gulu linadutsa mothamanga.

Mukatuluka

Malo odyera oyang'anizana ndi Colosseum ndi okwera mtengo. Yendani mphindi zochepa kulowa m'dera la Monti, kuseri kwa msewu wa Via Cavour. Mphamvu zikatsala, pali malo ena apafupi osafuna wolondolera. Chipilala cha Trajan cha mu 113 AD chimaoneka ulere kuchokera mu msewu wa Via dei Fori Imperiali, womwe unalambulidwa mu ulamuliro wa Mussolini podula pakati pa mabwinja. Pafupi ndi Curia kuli ndende ya Mamertine, yolowera ndi tikiti yakeyake, momwe Jugurtha, mfumu ya ku Numidia kumpoto kwa Africa, anafera mu 104 Khristu asanabadwe, ndipo mwambo wa Mpingo umati Petro ndi Paulo anasungidwamo.

Amene ali ndi tsiku lachiwiri ndipo akufuna kuona mmene anthu wamba ankakhalira, osati mafumu okha, apite ku Ostia Antica, doko lakale la Roma, kumene kuli nyumba zosanja, mabafa, mphero, malo odyera ndi zimbudzi za onse zomwe zidakaonekabe bwino. Kumeneko n'kumene Monica, mayi wake wa Augustine, bishopu wa ku Hippo, anamwalirira mu 387 akudikira chombo chobwerera ku Africa. Kwerani mzere B mpaka pa siteshoni ya Piramide, musinthire sitima ya kunyanja pa Porta San Paolo yomwe ili pompo, ndipo pakatha pafupifupi theka la ola mutsike pa Ostia Antica. Onetsetsani kuti tsikulo si Lolemba, chifukwa malowa satsegula.